Wogula mwachinsinsi

Wogula mwachinsinsi ndi munthu amene kampani yofufuza za malonda imamutuma kukalowa m'sitolo, m'banki kapena mu lesitilanti ngati kasitomala wamba. Amaonetsetsa mmene amulandirira, mphindi zimene waima pamzere ndi ukhondo wa pamalopo. Akatuluka amalemba lipoti n'kulitumiza pamodzi ndi lisiti kuti amubwezere ndalama zimene wagulira. Lipotilo liyenera kulembedwa moona, chifukwa likhoza kuchotsetsa ntchito wogulitsa wosalakwa. Ogula mwachinsinsi ambiri amalipidwa pa ulendo uliwonse ngati aganyu, ndipo malipiro ake ndi ochepa. Ku Britain, amene wapeza ndalama zoposa £1,000 pachaka podzilemba yekha ntchito amayenera kulembetsa ku bungwe la misonkho la HMRC. Ku America, bungwe loteteza ogula la FTC limachenjeza za akathyali amene amanamizira ntchitoyi n'kutumizira anthu macheke abodza.