Scandinavian: kaseweredwe ka zaka zoposa 500 komwe ena amakanyoza

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Kitwe kapena ku Ndola akayankha 1.e4 ndi 1...d5 pa chess, sipalephera kupezeka wina womuseka kuti akusewera zachibwana. Chifukwa chake n'chodziwika. Woyera akadya pawn pa d5, wakuda amabwezera ndi queen, kenako woyera amatulutsa knight pa c3 n'kuyamba kuthamangitsa queen uja. Wakuda wataya nthawi.

Komatu katsegulidwe kameneka, kotchedwa Scandinavian Defence, n'kakale kwambiri. Cha m'ma 1475 ku Valencia, m'dziko la Spain, ndakatulo yotchedwa Scachs d'amor inafotokoza masewero a Francesc de Castellví ndi Narcís Vinyoles. Awa amatengedwa kuti ndi masewero akale kwambiri olembedwa pa malamulo a masiku ano, pomwe queen anali atangopatsidwa mphamvu zoyenda kutali. Anayamba chimodzimodzi: 1.e4 d5 2.exd5 Qxd5 3.Nc3 Qd8, ndipo wakuda anagonja.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ambiri ankakaderera. Koma mu 1979 ku Montreal, Bent Larsen wa ku Denmark anagonjetsa nako Anatoly Karpov, yemwe panthawiyo anali katswiri wa dziko lonse. Mu 1995 ku New York, Viswanathan Anand anakasewera polimbirana ukatswiri ndi Garry Kasparov. Anayamba bwino, ngakhale kuti pamapeto pake anagonja. Mu 2014 pa Olympiad ya ku Tromsø, Magnus Carlsen anagonjetsa Fabiano Caruana pobweza queen pa d8, monga zinalili ku Valencia.

Ubwino wake uli pati? Ma pawn apakati akasinthana msanga, bishop wa pa c8 amatuluka mosavuta, ndipo wakuda akaika ma pawn pa c6 ndi e6 amakhala ndi mpanda wolimba. Zoloweza pamtima n'zochepa poyerekeza ndi Sicilian, zomwe zimathandiza wosewera amene alibe mphunzitsi kapena mabuku ambiri.

Kuno ku Copperbelt chess si yachilendo. Amon Simutowe, mwana wa ku Ndola wobadwa mu 1982, anakhala grandmaster mu 2009, woyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Amene mukufuna kumutsatira, musasiye 1...d5 chifukwa cha mseko wa anzanu. Ingophunzirani kobisa queen akamuthamangitsa: pa a5, pa d6 kapena pa d8.