Mapepala a Simon Davies ndi Ndalama za Amayi a ku Dowa

Tikamakangana ku yunivesite kuti katswiri wamkulu ndani, mkangano umathera pa Google Scholar. Timatsegula tsamba la munthuyo, kuona kuti walemba mapepala angati ndiponso kuti anzake amutchula kangati m'zolemba zawo, basi mlandu watha. Ine ndikufuna kuyesa muyeso umenewu pa munthu mmodzi, Simon Davies, amene kafukufuku wake anakhudza mbali yathu ya kumpoto kwa Dowa, kufupi ndi kwathu ku Bowe.

Phunziro lomwe Davies analembamo amalitcha economic psychology. Limafufuza mmene maganizo a munthu amayendetsera zochita zake pa ndalama. Silachilendo ayi. Gabriel Tarde wa ku France anatulutsa buku la mutu umenewu mu 1902. Koma linadzakula mu 1979, pamene Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anasindikiza pepala m'magazini ya Econometrica losonyeza kuti ululu wotaya ndalama umaposa chimwemwe chopeza ndalama yofanana nayo. Pepalalo latchulidwa kambirimbiri, ndipo Kahneman analandira mphotho ya Nobel mu 2002. Richard Thaler, amene analandira yake mu 2017, anawonjezera mfundo ina mu 1985: munthu saona ndalama zake zonse ngati mulu umodzi, koma amaziika m'matumba osiyanasiyana m'mutu mwake, thumba lililonse ndi lamulo lake.

Mwana wa m'dera la fodya mfundo imeneyi sangaidabwe. Kwathu ndalama ya ganyu ndi ya ufa ndi ndiwo za lero. Ya fodya ndi ya malata, njinga ndi feteleza. Yomwe watumiza m'bale wa ku Joni amaisunga mosiyana, chifukwa mwini wake adzafunsa kuti inagwira ntchito yanji. Pepala la K5,000 ndi limodzimodzi kulikonse komwe lachokera, koma mayi sangaligwiritse ntchito mofanana.

Mu 2009, Davies pamodzi ndi Joshy Easaw ndi Atanu Ghoshray, onse ochokera ku yunivesite ya Bath ku England, anasindikiza pepala mu Journal of Economic Psychology loyesa mfundo ya Thaler pa mabanja a kumudzi kuno ku Malawi. Anagwiritsa ntchito ziwerengero za kafukufuku wa mabanja wa 1998. Anapeza kuti matumba a m'mutuwo alipodi, ndipo ndalama zotumizidwa ndi abale anthu amakonda kuzisunga kusiyana ndi ndalama zina. Mfundo yobadwira ku America inapezeka ikugwira ntchito pakati pa anthu ambiri amene analibe n'komwe buku la ku banki.

Pepala lake lina ndi limene lili pafupi kwambiri ndi ife. Mu 2006 dziko linakolola chimanga chambiri, koma kumpoto kwa Dowa ng'amba inawononga mbewu. Bungwe la Concern Worldwide, ndi thandizo la boma la Britain, linaganiza zopereka ndalama m'malo mwa chimanga m'dera la Mfumu Yaikulu Chakhaza. Kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007 mabanja pafupifupi 11,000 ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Kuchuluka kwake kunkadalira kukula kwa banja ndi mtengo wa chimanga pamsika. Olembedwa ambiri anali amayi. Banki ya Opportunity International inkabwera ndi galimoto kumidzi, mayi n'kupereka khadi lake, kudinda chala, n'kulandira.

Nthawi imeneyo anthu ambiri ankaopa kuti wosauka ukamupatsa ndalama m'manja akaimwera, kapena mitengo ya zinthu ingokwera. Davies ndi James Davey anatsata kumene ndalamazo zinkapita zikachoka m'manja mwa amayiwo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2008 m'magazini ya Development Policy Review. Anawerengera kuti kwacha iliyonse yoperekedwa inkabweretsa malonda oposa makwacha awiri m'deralo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mayi agula chimanga kwa wamalonda wapafupi, akagayitsa kuchigayo, wachigayo alipira wantchito wake, wantchitoyo akagula sopo pagolosale. Ndalama imazungulira m'mudzi isanatuluke, ndiye amapindula ngakhale amene sanalembedwe m'kaundula. Thumba la chimanga chochokera kunja silichita zimenezi: limadyedwa n'kutha.

Tsopano tibwerere ku muyeso uja. Kuwerenga kuti pepala latchulidwa kangati kunayamba kukhazikika mu 1964, pamene Eugene Garfield anatulutsa Science Citation Index. Cholinga chake poyamba chinali kuthandiza ofufuza kupeza mapepala ogwirizana. Google Scholar inabwera mu 2004, ndipo mu 2005 Jorge Hirsch anayambitsa h-index: munthu amene ali ndi 10 ndiye kuti ali ndi mapepala khumi, lililonse lotchulidwa kosachepera kakhumi. Chida chofufuzira chinasanduka sikelo yopimira anthu pofuna kuwalemba ntchito kapena kuwakweza.

Pa sikelo imeneyi Davies sangayandikire Kahneman kapena Thaler, ndipo sindikunena kuti ntchito zawo n'zofanana. Oyambitsa mfundo amatchulidwa ndi aliyense wobwera pambuyo pawo. Woyesa mfundoyo pa dziko limodzi laling'ono amatchulidwa ndi ochepa amene ali ndi chidwi ndi dzikolo. Sikeloyo ili ndi ubwino wake: imavuta kuinamiza ndi pakamwa, ndipo imatiteteza kwa anthu a maudindo aatali koma opanda chomwe analemba. Koma pali zinthu ziwiri zomwe siiona.

Choyamba, siiona owerenga amene salemba mapepala. Pulogalamu ya boma ya Mtukula Pakhomo inayamba moyeserera ku Mchinji mu 2006, chaka chomwecho, ndipo lero ili m'maboma onse. Sindikuti pepala la Davies ndilo linaikulitsa. Ndikuti mkulu wa mu unduna kapena wa bungwe lothandiza akamasankha pakati pa ndalama ndi chimanga, umboni wonga wa ku Dowa ndi umene amaufuna patebulo, ndipo akauwerenga palibe nambala yomwe imakwera pa Google Scholar.

Chachiwiri, siiona eni nkhani. Amayi a kwa Chakhaza ndiwo anasankha mwanzeru chochita ndi ndalamazo, ndiwo anayankha mafunso, ndipo amalonda a m'misika yathu anaulula za malonda awo. Nzeru zawo zinalembedwa m'Chingerezi, m'magazini omwe ambiri amafuna kuti ulipire kuti uwerenge. Katswiri wa ku Washington angadziwe zomwe zinachitika kwathu m'miyezi isanu ija kuposa mwana wa mayi amene anadinda chala.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife amene tikulemba ma dissertation chaka chino ndi chamawa. Tidzanyamula mapepala a mafunso kupita kumidzi, agogo adzatipatsa mpando ndi nthawi yawo, tidzabwerera n'kulandira madigiri. Ena mwa ife adzafika posindikiza ndi kuwerenga kuti atchulidwa kangati, ndipo n'zabwino, chifukwa mayina a Amalawi akusowa m'magazini amenewa. Pempho langa ndi laling'ono. Tikamaliza, tilembe tsamba limodzi m'Chichewa lonena zomwe tapeza, tikalisiye kwa amfumu, kwa alangizi a zaulimi ndi kusukulu ya m'deralo. Silidzawonjezera kanthu pa h-index ya wina aliyense, koma mlimi wa ku Bowe adzadziwa chimene chinatuluka m'mayankho ake.