Kuchokera ku Mgodi wa Nkana Kufika Mumsika wa Chisokone

Ufulu wa antchito ku Kitwe unagulidwa ndi magazi. Mu 1940, antchito a mumgodi wa Nkana atanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, asilikali anawawombera ndipo anthu 17 anafa. Mu 1949 munabadwa bungwe la African Mineworkers' Union, Lawrence Katilungu ali mtsogoleri, ndipo azungu a migodi anayamba kukhala pansi n'kukambirana ndi anthu akuda.

Migodi ya kampani ya ZCCM itagulitsidwa, pofika mu 2000, ambiri amene anachotsedwa ntchito anatsikira kumsika wa Chisokone kukagulitsa kapenta, salaula ndi zitsulo. Kumsika kunalibe bwana woti umunyanyalire, kunalibenso penshoni. N'chifukwa chake mu 2002 ogulitsa m'misika ndi m'misewu anakhazikitsa mgwirizano wa AZIEA, likulu lake ku Kitwe komweko, kuti makhonsolo ndi boma aziwamvera.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ogwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma, amene amaphunzitsa amalondawa za ufulu wawo, nawonso ambiri amalembedwa pa makontirakiti aafupi, odalira ndalama za opereka thandizo. Pa nkhani ya makontirakitiyi, lamulo la Employment Code la 2019 linalamula kuti kontirakiti yaitali ikatha, wantchito alandire ndalama zomuthokoza zosachepera 25 peresenti ya malipiro ake.