Ronaldo uja amene anayamba ngati Karonaldo

Anzanga a m'kalabu, mukamva dzina loti Ronaldo, m'mutu mwanu mumabwera ndani? Ambiri a ife a msinkhu uno timaona Cristiano basi, atalumpha m'malere, manja atatambasula. Komatu dzinali linali kale ndi mwini wake Cristiano asanamere ndevu. Ndikunena Ronaldo Luís Nazário de Lima wa ku Brazil, amene lero timachita kumuwonjezera mawu kuti tidziwe amene tikunena: ena amati R9, ena Ronaldo wakale, ena mwachipongwe amati Ronaldo wonenepa. Chondisangalatsa pa mbiri yake n'chakuti dzina limeneli analipeza kwa anthu ena, n'kulitenga, kenako linamuchokanso akuona.

Anabadwa mu September 1976 ku Rio de Janeiro, ndipo anakulira m'dera la Bento Ribeiro, kwa anthu wamba. Njomba zake anaziphunzira pa mpira wa m'nyumba uja wa anthu asanuasanu, pomwe malo amachepa ndipo mpira ukautaya pang'ono waluza. Mu 1993, ali ndi zaka 16, anayamba kusewera mu timu yaikulu ya Cruzeiro ya ku Belo Horizonte. Tsiku lina chaka chomwecho anamwetsa timu ya Bahia zigoli zisanu yekha. Chaka chotsatira anamutenga kupita ku World Cup ya ku America ali ndi zaka 17.

Apa ndi pamene nkhani ya dzina inayambira. M'timu ya Brazil ya 1994 munalinso Ronaldo wina, wotchinga kumbuyo, Ronaldo Rodrigues de Jesus, wamkulu msinkhu komanso thupi. Anthu a ku Brazil ali ndi kachitidwe kofanana ndi kathu. Ife chinthu chachikulu timachiika chi- kutsogolo, chaching'ono timachiika ka-. Iwo amaika kumapeto: -ão pa chachikulu, -inho pa chaching'ono. Ndiye wamkulu uja anali Ronaldão, kapena kuti Chironaldo, ndipo mnyamata wathuyu anakhala Ronaldinho, Karonaldo. Ka -inho kameneka mumakamvanso m'dzina la Gabadinho wathu wa Flames. Brazil inatenga chikho chaka chimenecho, koma Chironaldo ndi Karonaldo onse awiri anaonera ali pa benchi, osalowa ngakhale mphindi imodzi.

Mu 1996, ku masewera a Olympics ku Atlanta, zinabwerezanso. M'timu munali Ronaldo Guiaro, ndiye jezi ya katswiri wathuyu inalembedwa kuti Ronaldinho. Mukadzaona kanema wa masewero aja amene Nigeria inachita zozizwitsa, kuchoka pa 3-1 n'kudzapambana 4-3 ndi zigoli ziwiri za Nwankwo Kanu, musadzasokonezeke: Ronaldinho amene ali mmenemo si wa tsitsi lalitali uja.

Ku Ulaya kunalibe womulimbirana dzina. Anapita ku PSV ya ku Netherlands mu 1994, n'kugoletsa zigoli 30 mu ligi chaka choyamba chomwecho. Kenako Barcelona inamugula mu 1996. Anakhalako chaka chimodzi chokha, koma aise, chaka chimenecho! Zigoli 47 pa masewero 49. Mu October 1996, akusewera ndi Compostela, analanda mpira pakati pa bwalo, wina akumukoka jezi, wina akumutchera mwendo, iye osagwa, mpaka kukaponya mu ukonde. Kochi wake, Bobby Robson, anangogwira m'mutu ngati munthu amene waona ngozi. Chaka chimenecho FIFA inamusankha kukhala wosewera woposa onse padziko ali ndi zaka 20. Taganizani, msinkhu wathu womwewu.

Ine maganizo anga ndi akuti Ronaldo wa 1996 mpaka 1998 palibe wosewera kutsogolo amene ndingamuike patsogolo pake. Ena amakhala ndi liwiro koma mpira umawathawa. Ena ali ndi njomba koma ukawagunda phewa agwa. Uyu anali nazo zonse, ndipo goloboyi sankamuombera patali, ankamupita pafupi, kumugoneka pansi, n'kudutsa. Mukhoza kutsutsa, ndipo ndikudziwa a CR7 m'kalabu muno simugona, koma kaonereni kaye.

Mu 1997 anasamukira ku Inter Milan, ndipo anthu a ku Italy anamupatsa dzina lina loti Il Fenomeno, kutanthauza chodabwitsa. Anatenga Ballon d'Or ali ndi zaka 21. Kumeneko ngakhale nambala inavuta. Atamupatsa 9, mwini wake wakale Iván Zamorano sanafune kugonja: anavala 18 n'kuika kachizindikiro kophatikiza pakati, kuti 1+8 ikhalebe 9.

Pofika World Cup ya 1998 ku France, jezi yake inali italembedwa Ronaldo, popanda ka-. Tsiku la fayinolo, maola ochepa masewero asanayambe, anadwala mwadzidzidzi ku hotela, thupi lonse kuphiriphitha, ndipo anathamangira naye ku chipatala. Pa pepala loyamba la osewera dzina lake panalibe. Kenako linabwereranso. Analowa, koma ankangoyenda ngati mthunzi. France inapambana 3-0, Zidane atagoletsa ziwiri za mutu.

Chaka chotsatira ku timu ya Brazil kunabwera mnyamata wina wa ku Porto Alegre, Ronaldo de Assis Moreira. Ronaldo winanso! Popeza kwawo anthu ankamutchulabe wamkulu uja kuti Ronaldinho, watsopanoyu anayamba ndi dzina loti Ronaldinho Gaúcho, potengera dera la kwawo. Pang'onopang'ono dzina la Karonaldo linamukhalira iyeyu, ndipo ndi amene dziko lonse limamudziwa nalo lero. Moti pa osewera atatu otchuka aja, Ronaldo, Ronaldinho ndi Cristiano, onse ndi a Ronaldo.

Kenako bondo. Mu November 1999 anavulala bondo lakumanja, n'kupita ku opaleshoni. Anabwerera mu April 2000 pa masewero ndi Lazio. Atangosewera mphindi zochepa, akuyesa njomba yake ija, popanda womukhudza, mtsempha wa bondo lomwe lija unaduka. Anagwa akulira, osewera a matimu onse awiri atagwira m'mutu. Anali ndi zaka 23 zokha. Kwa nthawi yoposa chaka sanasewere mpira wampikisano, ndipo ambiri anati kwake kwatha.

N'chifukwa chake World Cup ya 2002 ku Japan ndi South Korea imandikhudza kuposa zigoli za ku Barcelona. Munthu amene ankayenda ndi ndodo anagoletsa zigoli 8, ziwiri mwa izo pa fayinolo ndi Germany ku Yokohama, pa 30 June, goloboyi ali Oliver Kahn amene mpikisano wonse anali atangolola chigoli chimodzi. Liwiro lakale lija linali litachepa, koma ankadziwa poima. Ndipo kametedwe koseketsa kaja, mpala mutu wonse n'kusiya kachigamba pamphumi, mwini wake anadzanena kuti anachitira dala, kuti atolankhani azikamba za tsitsi m'malo mokamba za mwendo wake. Zinatheka ndithu.

Atapita ku Real Madrid, mu April 2003 anagoletsa zitatu pa Old Trafford, ndipo potuluka masapota a Manchester United anaimirira n'kumuwombera m'manja, mlendo amene wawatulutsa mu Champions League. Patangopita miyezi inayi, pa bwalo lomwelo panafika mnyamata wa zaka 18 wochokera ku Sporting, Cristiano Ronaldo dos Santos Aveiro wa pa chilumba cha Madeira. Musaganize kuti anamutcha potengera wa ku Brazil, chifukwa pomwe iye ankabadwa mu 1985, mnzakeyo anali mwana wa zaka 8. Bambo ake ankakonda Ronald Reagan, wosewera mafilimu amene nthawi imeneyo anali pulezidenti wa America. Poyamba Cristiano ndi amene ankafunika kumufotokoza kuti ndi Ronaldo uti. Mu 2009 atafika ku Real Madrid, nambala 7 inali ya Raúl, ndiye chaka choyamba anavala jezi yolembedwa Ronaldo 9, ngati kuti watenga malaya a mkulu wake.

Zaka zomaliza za R9 zinali za ululu. Mu 2006 anamugoneka goloboyi wa Ghana, Richard Kingson, n'kugoletsa chigoli chake cha nambala 15 mu World Cup, kuposa Gerd Müller. Mu 2008, ali ku AC Milan, bondo linalo linadukanso. Anabwerera kwawo, n'kusewera ku Corinthians, ndipo mu February 2011 analengeza misozi ili m'maso kuti wasiya mpira. Tsiku limenelo anaululanso kuti ali ndi vuto la chithokomiro limene limapangitsa thupi kunenepa. Ndiye inu amene mumati Ronaldo wonenepa, dziwani chimene mukuseka.

Champions League sanaitengepo, pomwe Cristiano ali nazo zisanu, ndipo Ballon d'Or ndi ziwiri kwa zisanu. Koma World Cup ili kwa mkuluyu. Mbiri yake ya zigoli 15 ija inakhala zaka 8, mpaka Miroslav Klose anaiphwanya mu 2014, tsiku limene Germany inakwapula Brazil 7-1. Masewerowo anachitikira ku Belo Horizonte, pa bwalo la Mineirão, pomwe Cruzeiro imasewerera, pomwe Karonaldo wa zaka 17 uja anamwetsera Bahia zigoli zisanu.