Kusiya Kusuta Fodya: Phindu Lake pa Thanzi ndi pa Chuma cha Banja

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa alimi, ochita malonda ndi anthu onse kuti kusuta fodya ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zomwe zimadzetsa matenda ndi imfa zopeweka. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi anthu osasuta omwe amangopuma utsi wa anzawo. Pafupifupi theka la anthu omwe amasuta osaleka amamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha fodya. Komabe thupi limayamba kuchira tsiku lomwelo munthu akasiya, ndipo ndalama zomwe zinkathera mu utsi zimatsala pakhomo.

Zomwe zili mu utsi wa fodya

Mu utsi wa fodya muli makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Chikonga ndicho chimamanga munthu kuti azikhala ndi chibaba. Chimafika ku ubongo m'masekondi ochepa, ndipo thupi likachizolowera limachifuna mobwerezabwereza. Phula la mu utsi limakanirira m'mapapo, pomwe mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi, zomwe zimachititsa kuti mtima uzigwira ntchito mopyola muyeso.

Palibe mtundu wa fodya womwe ndi wabwino kuthupi. Ndudu za m'sitolo, chingambwe chopichira papepala, fodya wa m'kaliwo ndi shisha, zonse zimawononga. Fodya wofwenkha ndi woika m'kamwa alibe utsi, koma ali ndi chikonga ndipo amatha kuyambitsa khansa ya m'kamwa.

Matenda obwera chifukwa cha fodya

Kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo, ya m'kamwa ndi ya chikhodzodzo, matenda a mtima, sitiroko, komanso matenda osachizika otseka njira za mpweya m'mapapo. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko omwe ali ndi chiwerengero chokwera kwambiri cha khansa ya kummero ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo kusuta kumawonjezera chiopsezo cha matenda awiri onsewa. Wosuta amadwala chifuwa chachikulu cha TB mosavuta kuposa wosasuta, ndipo ngakhale atachira matendawa amatha kumubwereranso. Anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV komanso odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi ali pachiopsezo chachikulu koposa. Kwa abambo, fodya amachepetsanso mphamvu za m'banja.

Utsi susankha mwini wake. Mayi woyembekezera yemwe amasuta kapena kupuma utsi wa ena akhoza kubereka mwana wochepa sikelo kapena wosakwana masiku. Ana okulira m'nyumba ya utsi amadwala chibayo, mphumu ndi matenda a m'khutu kawirikawiri.

Zomwe zimachitika m'thupi munthu akasiya

Bungwe la WHO limafotokoza motere za kusintha komwe kumachitika kuyambira pa ndudu yomaliza:

- Pakatha mphindi 20, kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi kumatsika.
- Pakatha maola 12, mpweya wa poizoni uja umatsika m'magazi kufika pa mlingo wa munthu wosasuta.
- Pakati pa masabata 2 ndi 12, magazi amayenda bwino ndipo mapapo amayamba kugwira bwino ntchito.
- Pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9, kutsokomola ndi phuma zimachepa.
- Pakatha chaka chimodzi, chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la chiopsezo cha wosuta.
- Pakati pa zaka 5 ndi 15, chiopsezo cha sitiroko chimafanana ndi cha wosasuta.
- Pakatha zaka 10, chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimatsika kufika pafupifupi theka.
- Pakatha zaka 15, chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chimafanana ndi cha wosasuta.

Wosiya ali ndi zaka 30 amawonjezera pafupifupi zaka 10 pa moyo wake poyerekeza ndi wopitiriza kusuta. Wosiya pa zaka 40 amawonjezera zaka 9, pa zaka 50 zaka 6, ndipo pa zaka 60 zaka 3. Choncho ngakhale wachikulire yemwe wasuta kuyambira unyamata amapindula akasiya.

Phindu pa chuma

Ndudu zimagulidwa imodziimodzi pa okala kapena pamsika, n'chifukwa chake ambiri sazindikira kuchuluka kwa ndalama zomwe zimatha. Wosuta ndudu 10 patsiku amasuta ndudu 300 pamwezi ndi 3,650 pachaka. Mwachitsanzo chabe, ndudu imodzi itakhala pa K100, ndiye kuti munthuyo amawononga K1,000 patsiku, K30,000 pamwezi ndi K365,000 pachaka. Aliyense angathe kuwerengera yekha potengera mtengo wa kudera kwake. Kwa mlimi, ndalamazi ndi gawo la feteleza, mbewu kapena malipiro a aganyu. Kwa wamalonda, ndi mpamba womwe ukanapindula ukanazungulira mu geni.

Mtengo wa ndudu ndi gawo laling'ono chabe la zomwe banja limataya. Ngakhale thandizo m'zipatala za boma ndi laulere, wodwala khansa kapena mtima nthawi zambiri amatumizidwa ku zipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Banja limalipira mayendedwe ndi chakudya, ndipo wodikirira wodwalayo amasiya munda kapena benchi yake pamsika kwa masabata kapena miyezi. Matenda akagwa nthawi yobzala kapena yopalira, zokolola za chaka chonse zimakhudzidwa, ndipo mabanja ena amafika pogulitsa ziweto kapena kutenga katapira. Zotsalira za ndudu zotayidwa zisanazime zimathanso kuyatsa zigafa, nkhokwe ndi katundu wa m'misika.

Kwa alimi a fodya

Fodya ndi mbewu yomwe imabweretsa ndalama zakunja zochuluka m'dziko muno, ndipo mabanja ambiri amadalira zomwe amapeza kumisika ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Kulima fodya sikukakamiza mlimi kumusuta. Chingambwe cha m'munda mwake chimaoneka ngati chaulere, koma mtengo wake umalipiridwa ndi mapapo.

Alimi adziwenso kuti chikonga chimalowa m'thupi kudzera pakhungu pothyola masamba onyowa ndi mame kapena mvula. Zizindikiro zake ndi nseru, kusanza, chizungulire ndi kupweteka kwa mutu. Othyola fodya avale zovala zofika m'mikono ndi magolovesi, asinthe zovala zikanyowa, ndipo asambe ndi sopo akaweruka. Ana asagwire ntchito m'minda ndi m'zigafa za fodya.

Njira zosiyira

1. Kusankha tsiku losiyira lomwe lili pafupi, ndi kuuza a pabanja ndi anzake kuti amulimbikitse.
2. Kutaya fodya yense, kaliwo ndi china chilichonse chokumbutsa kusuta tsikulo lisanafike.
3. Kusiyiratu. Kuchepetsa chabe sikuchotsa ngozi, popeza ngakhale ndudu imodzi patsiku imawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima.
4. Kudziwa nthawi ndi malo omwe chibaba chimabwera, monga akangotha kudya, pamowa kapena pabawo, ndi kupewa malo otere m'masabata oyamba.
5. Chibaba chikafika, kudikira. Chimatha pakangopita mphindi zochepa. Kumwa madzi, kupuma mozama, kuyenda pang'ono, kapena kutafuna nzimbe, mtedza kapena chimanga chokazinga kumathandiza.
6. Kuika padera tsiku lililonse ndalama zomwe zikanagula fodya, kaya pafoni kapena ku banki m'khonde, kuti phindu lizioneka ndi maso.

M'masiku oyamba munthu amatha kukwiya msanga, kusowa tulo, kumva mutu, kulephera kuika maganizo pantchito ndi kumva njala pafupipafupi. Izi zimakula m'sabata yoyamba ndipo kwa ambiri zimachepa pakati pa masabata 2 ndi 4. Si matenda atsopano, koma ndi thupi lomwe likuzolowera kukhala popanda chikonga. Ambiri amayesa kangapo asanasiyiretu, choncho wobwerera ku fodya asagwe ulesi koma asankhe tsiku lina n'kuyambiranso.

Komwe thandizo lingapezeke

Wofuna kusiya alankhule ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake, namwino kapena dokotala pachipatala chomwe ali nacho pafupi. Uphungu wa achipatala umawonjezera mwayi wosiyiratu. Palinso mankhwala ochepetsa chibaba, monga chingamu ndi zomata pakhungu zokhala ndi chikonga chochepa, omwe ayenera kugwiritsidwa ntchito motsatira malangizo a achipatala, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi odwala mtima. Aliyense amene akutsokomola kwa masabata 2 kapena kupitirira, kutsokomola magazi, kuonda mosadziwika bwino, kumva kupweteka pachifuwa kapena kuvutika kumeza chakudya apite kuchipatala msanga, kaya wasiya kusuta kapena ayi.

Dziko la Malawi linalowa m'pangano la mayiko la WHO lochepetsa kugwiritsa ntchito fodya m'chaka cha 2023, ndipo pa 31 Meyi chaka chilichonse mayiko amakumbukira tsiku lolimbikitsa anthu kusiya fodya. Unduna ukupempha mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, makomiti a misika ndi makalabu a alimi kuti afalitse uthengawu, ndiponso kuti osuta asasutire m'nyumba, m'minibasi, m'malo odyera kapena pafupi ndi ana.