Mwana Wosakhazikika Akakula: Mbiri ya Vuto la ADHD

Lero m'phunziro lathu la mbiri yakale sitikamba za mafumu kapena za nkhondo ai. Tikamba za vuto lina limene mphunzitsi aliyense analionapo m'kalasi mwace, ngakhale kuti mwina sanalidziwe dzina. Alipo mwana amene sakhala pansi. Mukamuuza kulemba masamu, iye ali pa zenera. Mukafunsa funso, wayankha kale inu musanatsirize. Pensulo yace imatayika tsiku ndi tsiku. Alipo winanso wacete, kawirikawiri mtsikana, amene thupi liri pa desiki koma maganizo ali kutali. Makolo amati, "Akakula adzaleka." Madokotala naonso anakhulupirira zomwezo kwa zaka zoposa 170, ndipo nkhani yathu ndi ya m'mene anazindikirira kuti sizinali tero.

Dzina la vutoli masiku ano ndi ADHD. Zilembo zinai zimenezi ziimira mau a Cingerezi otanthauza kulephera kusunga maganizo pa cinthu cimodzi, pamodzi ndi kusakhazikika kopitirira muyeso. Dzinali ndi latsopano, koma vutolo ndi lakale. M'caka ca 1798 dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba buku lonena za matenda a maganizo. M'menemo anafotokoza za anthu amene kanthu kakang'ono, monga kuuwa kwa galu kapena kutsekedwa kwa citseko, kamawacotsa pa nchito imene ali kugwira. Anaonanso cinthu cimene inu aphunzitsi mungacivomereze: kuti alipo ana amene ngakhale muwaopseze ndi ndodo, ngakhale muwanyengerere, sangathe kumvetsera phunziro losawakoka mtima. Koma Crichton anaonjeza kuti vutoli limacepa munthu akamakula, ndipo ganizo limenelo linakhazikika ndithu.

M'caka ca 1902 dokotala wa ana, George Still, anakamba pamaso pa madokotala anzace mu mzinda wa London za ana 43 amene anali kulephera kudziletsa. Iye anaona bwino kuti ambiri a iwo sanali opusa, ndi kuti ena anacokera m'mabanja olera bwino. Cimene anaphonya ndi dzina, pakuti anati anawo ali ndi cirema pa makhalidwe. Dzina lotere limaweruza mwana m'malo momfotokoza, ndipo mzimu wace ukali kumveka pamene tinena kuti mwana uyu ngwopulupudza cibadwire.

Kuyambira m'caka ca 1917 mliri wa matenda otupitsa ubongo unafalikira ku Ulaya ndi ku America, ndipo ana ena amene anacira anasanduka osakhazikika. Apo madokotala anayamba kuyang'ana ku ubongo. Mankhwala naonso anapezeka mwangozi. M'caka ca 1937, ku Rhode Island m'dziko la America, Charles Bradley anapatsa ana 30 mankhwala ochedwa Benzedrine, poyesa kuciza mutu umene anali kumva atapimidwa ubongo. Mutuwo sunapole kweni-kweni, koma pafupi-fupi theka la anawo linayamba kucita bwino m'kalasi. Cinali codabwitsa, cifukwa mankhwalawo ndi ogalamutsa thupi, osati ogonetsa. Mankhwala ena a mtundu womwewo anapangidwa mu 1944 ku Basel m'dziko la Switzerland ndi Leandro Panizzon, amene anawacha Ritalin potengera dzina la mkazi wace, Rita.

M'zaka zonsezi ndi ocepa amene anafunsa kumene ana otere amapita akakula. Buku lalikulu la madokotala a matenda a maganizo a ku America, limene limandandalika matenda onse otere, linalemba mu 1968 kuti ili ndi vuto la ubwana ndi kuti kawirikawiri limacepa mwana akatha msinkhu. Motero mnyamata akamera ndevu, mankhwala anali kuleka, ndipo dzina lace linali kufafanizidwa m'kaundula wa cipatala.

Amene anasintha zinthu ndi anthu oleza mtima amene anatsatira anawo kufikira atakula. Ku Montreal m'dziko la Canada, madokotala awiri acikazi, Gabrielle Weiss ndi Lily Hechtman, anatsatira gulu la ana otere kwa zaka 15, ndipo anapeza kuti oposa theka anali kuvutikabe ali akulu-akulu. Mu mzinda womwewo Virginia Douglas anaonetsa mu 1972 kuti phata la vutoli si kuthamanga-thamanga ai, koma kulephera kusunga maganizo ndi kudzigwira. Apa ndi pamene panagona cinsinsi. Madokotala akale anali kuona miyendo cabe. Miyendoyo imakhaladi pansi munthu akakula, pakuti bambo wa zaka 35 sakwera pa tebulo mu ofesi. Koma kutakataka kuja kumalowa m'kati. Munthuyo amayamba nchito zisanu osatsiriza ngakhale imodzi, amaiwala tsiku lolipira ngongole ndalama ali nazo m'thumba, amacedwa ku msonkhano umene anaukonzekera sabata yonse, amalankhula mau amene adzanong'oneza nao bondo madzulo. Mu 1976 Paul Wender ndi anzace ku Utah anayesa mankhwala aja pa akulu-akulu otere, naona kuti ali kuthandiza. Buku la ku America lija linavomereza mu 1980 kuti vutoli lingatsalire mwa munthu wamkulu, ndipo dzina lakuti ADHD linalowamo mu 1987. Ku England malangizo a boma oti akulu-akulu naonso azipimidwa ndi kuthandizidwa anaturuka mu 2008. Akatswiri amawerengera kuti mwa ana 100 alionse, pafupi-fupi 5 ali ndi vutoli, ndipo mwa akulu 100, awiri kapena atatu.

Tsono taganizirani za munthu amene wakhala zaka 30 kapena 40 osadziwa cimene cimamvuta. Kusukulu anamva kuti ngwaulesi, kunchito kuti ngwamphwayi, kunyumba kuti sasamala za anzace. Mau obwerezedwa kotero munthu amafika powakhulupirira, ndipo amayamba kudzinena yekha asanamnene wina. N'cifukwa cace akulu-akulu ambiri a ADHD amafika kucipatala ndi matenda ena: nkhawa yosatha, cisoni cacikulu cimene cimafooketsa munthu kwa miyezi, kapena ucidakwa. Dokotala amaciza cimene waona, muzu n'kutsala m'nthaka. Ena amazindikira pa tsiku limene mwana wao ali kupimidwa, akamva mafunso a dokotala ngati ali kufotokoza ubwana wao womwe. Izi sizodabwitsa, pakuti kufufuza pakati pa mapasa kunaonetsa kuti vutoli limayenda kwambiri m'magazi.

Nkhaniyi si ya mtendere wa mumtima wokha. Mu 2015 akatswiri a ku Denmark, atasanthula kaundula wa anthu pafupi-fupi mamiliyoni awiri, anapeza kuti anthu a ADHD anali kufa msanga kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzao, makamaka pa ngozi, ndi kuti ciopsezo cinali cacikulu koposa mwa iwo amene anadziwika atakula kale.

Nanga dzina likafika mocedwa, limacita ciani mwa munthu? Ambiri amati coyamba ndi mpumulo, monga munthu amene watula mtolo wa nkhuni umene sanadziwe kuti ausenza. Cotsatira ndi cisoni, nthawi zina ndi mkwiyo, pokumbukira mayeso amene analephera, nchito imene inatha, ukwati umene unapasuka. Ziwiri zonsezi n'zoona, ndipo ine ndiona kuti amene amangolalikira za mpumulo amanama pang'ono. Dzina palokha siliciza. Limangotsegula khomo la mankhwala, la uphungu, ndi la njira zazing'ono monga kulemba zocita pa pepala ndi kugawa nchito yaikulu m'zigawo. Ndiponso si munthu aliyense woiwala amene ali ndi ADHD. Kusowa tulo, njala, khunyu ndi kusamva bwino m'makutu zingamcititse mwana kuoneka cimodzimodzi, ndipo madokotala ena amadandaula kuti m'maiko olemera dzinali limaperekedwa mofulumira. Woweruza ndi dokotala wodziwa za matenda a maganizo, monga amene ali ku cipatala ca Chainama mu Lusaka, osati mphunzitsi kapena mnansi.

Kuno kwathu malamulo anasintha mbali ziwiri zokhudza nkhaniyi. Lamulo la maphunziro la 2011 liletsa kukwapula ana kusukulu, ndodo ija imene Crichton anaona kale kuti sithandiza, ndipo lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo linakhazikitsidwa mu 2019 m'malo mwa la nthawi ya atsamunda.

Cinthu cimodzi cotsiriza cikhudza inu aphunzitsi mwacindunji. Kuyambira mu 2013 buku la ku America lija lifuna kuti, munthu wamkulu asanapatsidwe dzina la ADHD, paoneke umboni wakuti zizindikiro zinalipo asanakwane zaka 12. Kale malire anali zaka 7. Koma ndani akumbukira bwino za ubwana wace? Motero dokotala amafunsa amai ace a munthuyo ngati ali moyo, ndipo kawirikawiri amapemphanso malipoti akale a sukulu. Pa lipoti lolembedwa kuti "ngwaulesi" dokotala sapezapo kanthu. Pa lipoti lolembedwa kuti mwanayu amadziwa mayankho pakamwa koma satsiriza zolemba, ndi kuti amataya mabuku, apezapo cimene afuna, ngakhale papite zaka 25 kucokera pamene munasaina mu Giredi 4.