Luzi la m'maselo: mbiri ya heparin

Mu 1878, Paul Ehrlich, mnyamata wa ku Germany yemwe ankamaliza maphunziro a udokotala ku Leipzig, ankathira utoto pa tizidutswa ta mnofu n'kumatiyang'ana pa maikulosikopu. Anaona maselo ena ali tho ndi timibulu timene tinkasandutsa utoto wabuluu kukhala wapepo. Iye anayesa kuti maselowo akhuta, ndiye anawatcha Mastzellen, kuchokera ku liwu la Chijeremani lonena za kunenepetsa ziweto. Analakwitsa, koma dzinalo linakanirira.

Chimene chinkasintha utotowo chinatulukira njira ina. Mu 1916, ku Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, wophunzira wina, Jay McLean, ankafufuza zinthu zoundanitsa magazi pansi pa William Howell. M'chiwindi cha galu anapezamo chinthu chochita zosiyana: choletsa magazi kuundana. Mu 1918 Howell ndi Emmett Holt anatcha chinthu chotere heparin, poti chiwindi m'Chigiriki ndi hepar. Za amene anayeneradi ulemu pakati pa mphunzitsi ndi wophunzira, akatswiri a mbiri amakanganabe.

Heparin woyambayo anali wosayera ndipo ankadwalitsa. Anthu a Charles Best ku Toronto ndi Erik Jorpes ku Stockholm ndiwo anamuyeretsa m'zaka za m'ma 1930, madokotala a opaleshoni n'kuyamba kubaya naye odwala. Mu 1937 Jorpes ndi anzake anasonyeza kuti kwawo kwa heparin ndi m'timibulu ta Ehrlich tija. Heparin ndi unyolo wautali wa tizigawo ta shuga, osati wa mu tiyi, wodzaza ndi salufeti.

Koma funso lovuta linatsala: thupi limasungiranji mankhwala a magazi m'maselo okhala pakhungu, m'mapapo ndi m'matumbo? Yankho lomveka linabwera mu 1999, magulu awiri a asayansi atabereketsa mbewa zosatha kupanga heparin. Magazi a mbewazo sanaonetse vuto lalikulu. Chimene chinasokonekera ndi timibulu: tinachepa, tina tinangotsala mphako, histamine ndi maenzayimu ogaya mapuloteni, omwe amakhala m'timibuluto, atasowa pogwira.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikomera. Heparin ali ndi mphamvu ya magetsi ya negetivu yochuluka kwambiri, pamene histamine ndi maenzayimuwo ndi a pozitivu, choncho amamatirira. Ali ngati luzi lomanga mtolo wa nkhuni. Njuchi ikakuluma, selo limataya timibulu tija kunja, mtolo umamasuka, histamine n'kutuluka, malowo n'kutupa ndi kuyabwa.

Lero heparin wambiri amachokera m'matumbo a nkhumba, makamaka za ku China. Mu 2008 heparin wina wosakanizidwa ndi chinthu chachinyengo anapha odwala ku America. Heparin ndiye amathandiza kuti magazi asaundane m'makina otsuka magazi a odwala impso, ndipo namwino akatenga kabotolo ka chivindikiro chobiriwira pokutengani magazi, mkati mwake muli heparin.